Chisanu chimene bedi la amayi linatuluka m'chipinda

Mapesi a mpunga akauma bwino padzuwa amakhala ndi fungo lawolawo, la fumbi losakanikirana ndi kakutsekemera, ndipo limakanirira m'manja ngakhale usambe ndi sopo. Anthu akatha kupuntha mpunga kudambo, amayi ankasula msoko wa matilesi athu, ine n'kumakoka mapesi akale amene anali atafumbutuka ngati gaga, nsikidzi zili balala kuthawa dzuwa. Kenako tinkapempha mapesi atsopano kwa opuntha, n'kuwayanika pabwalo, n'kuwakankhira m'kati ndi manja ndi mapazi mpaka matilesi atatupa. Matilesiwo anali matumba a chimanga cha chithandizo amene amayi analumikiza ndi singano yaikulu tili kukampu ku Malawi, moti zilembo zake zinkaonekabe m'mbali. Ena fungo limeneli limawakumbutsa kukolola ndi kukhuta. Ine limandiutsira mkwiyo, ndipo ndikamadutsa pamulu wa mapesi ndimafulumiza miyendo.

Nkhaniyi ndi ya chisanu china nkhondo itatha, ife titabwerako ku Malawi kumene tinathawira. Ndinali kamtsikana kongoyamba kutha kusenza ndowa yodzaza. Tinkakhala kunja kwa tawuni ya Insaca, pamalo obwereka, m'nyumba ya zidina yofolera udzu. Munali chipinda chimodzi cha makolo, ndi pabalaza pamene ine ndinkayala mphasa yanga. Munda tinalibe. Ababa ankapalasa njinga kupita kumalire ku Entre Lagos kukanyamulira anthu mchere ndi sopo, amayi n'kumalima maganyu m'minda ya eni. Anthu amene sanathawe ankatitchula kuti a Malawi, ndipo ankatiyang'ana ngati tinapita kukadyerera pamene iwo ankazunzika. Tinali osauka, sindikukana. Koma m'chipindamo munali bedi.

Bedi limenelo analipala ababa ndi manja awo, kwa mmisiri wina wa ku Malawi amene ankamugwirira ganyu. Linali la mlombwa, la miyendo yonenepa, lomangidwa ndi mabawuti kuti lizitheka kumasula. Pathabwa lakumutu ababa anasemapo timaluwa tiwiri, kena kakakulu kena kakang'ono chifukwa mpeni unawaterereka, ndipo pakati analukapo malegeni a matayala amene ankalira munthu akatembenuka. Tsiku lobwerera kuno anzathu ananyamula mbuzi ndi mbewu, koma amayi anasenza thabwa lakumutulo kuchokera pamene lole inatitsitsira mpaka kufika, anthu akuwaseka njira yonse. Pabedipo pankakhala mitsamiro iwiri ya thonje, chitenje choyala, ndi bulangete lotuwa la kukampu, lokanda khungu koma lofunda zedi. Kunsi kwake kunali bokosi lachitsulo lokiyidwa. M'menemo amayi ankasungamo nsalu ziwiri zoyera zoyala pabedi, zosagonedwapo, zimene ankati adzagonekapo khanda.

Paja amayi anali oyembekezera, mimba itafika kale powalepheretsa kuwerama. Chiuno chinayamba kuwavuta kalekale, pa mwana amene anabadwira kukampu masiku osakwana m'nyengo yozizira, n'kumwalira asanapatsidwe dzina. Abiti Saidi, mayi wachiyao amene tinkayandikana naye nyumba, yemwenso anali mzamba wa kumeneko, ankabwera kudzawasisita msana ndi mafuta a nsatsi. Anawauza ababa ine ndikumva kuti mayi ameneyu asayerekeze kugona pansi chisanu chino, pakuti pansi pa kuno m'pachinyontho, madzi a kudambo ali pafupi. Ababa anagwedeza mutu. Panalibe chovuta, bedi linalipo.

Ndiye kunabwera amalume a Bonifasiyo, achimwene awo a amayi a bere limodzi. Anatsika shapa, minibasi ya kuno, masana atavala jekete ndi chipewa, mwendo umodzi atakulunga nsanza, akutsimphina ndi ndodo. Anali ndi chilonda pamsongolo chimene chinakana mankhwala a kumudzi, ndipo kuchipatala anawauza kuti azibwera kudzatsukitsa ndi kubayitsa. Kwawo, kufupi ndi nyanja ya Chiuta, kunali kutali, choncho pofikira panali pa mlongo wawo. Iwo nkhondo yonse sanawoloke malire. Anakabisala ku Cuamba kumene anagwirako ntchito ya njanji n'kuphunzira Chipwitikizi, ndipo mtendere utangobwera anali oyamba kufika kumudzi. Minda yonse ya agogo anga inali m'manja mwawo, kuphatikizapo dimba la mpunga limene agogowo ananena pamaso pa anthu kuti ndi la mwana wawo wamkazi. Amayi akafunsa za dimbalo, yankho linali limodzimodzi, lakuti tidzakambirana.

Tinawalandira monga alandirira mwini mbumba. Tambala wathu mmodzi yekhayo anafa tsiku lomwelo, ndipo ine ndinangolawa khosi. Dzuwa litapendeka amayi anawayalira mphasa yatsopano pabalaza, pamwamba n'kuyalapo zitenje zawo zovala kutchalitchi. Amalume anaikhudza mphasayo ndi nsonga ya ndodo ngati akutembenuza njoka yakufa.

"Chemwali, ine ndi mwendo uwu ndigone pansi? Paja ndinamva kuti munabwerako ndi kama kwa azungu anu a kukampu."

Amayi anayang'ana ababa, ababa anayang'ana zala zawo zakumapazi. Ine sindinade nkhawa, chifukwa mwambo ndinkaudziwa. Kwathu kuno mwamuna salowa m'chipinda cha mlongo wake wokwatiwa, ngakhale kusuzumira sasuzumira. Mumtima ndinaseka, ndinati bedi lapulumuka, akalitenga bwanji chikhalirecho sangalowe? Ha, ubwana! Amalume anakokera mpando pafupi ndi khomo la chipinda n'kukhala chofulatira, kuti maso awo asaone m'kati.

"Ine ndine munthu wa mwambo, m'chipinda cha mlongo wanga sindiponda. Filomena, lowa iwe. Yamba ndi alimofada."

Ndinalowa n'kuima pakati pa chipinda ngati chitsa. Mawu amenewo ndinali ndisanawamvepo. Amalume anaseka mpaka kutsokomola, nati ana a ku Malawi awa, a bedi ndi pilo, adzakhala bwanji m'dziko la eni? Kenako anakuwa kuti chotsamira kumutu, mbuzi iwe! Ndinatulutsa mtsamiro umodzi, iwo anati yonse iwiri, wina ngwoikapo mwendo. Anandiuza kuti ndibwereze dzinalo mokweza mpaka nditalitchula bwino. Umu ndi mmene ndinayambira kuphunzira mayina a zinthu za kuchipinda m'Chipwitikizi. Sindinawaphunzire m'buku. Dzina lililonse ndinkalimva chinthucho chili m'manja mwanga, chikutuluka pakhomo.

Atanena kuti lensolo, ndinatulutsa chitenje choyala chija. Anachikankha ndi ndodo, nati si nsanza ayi, nsalu yoyera, mkazi wobwera ndi kama kuchokera kunja sangasowe lensolo. Mumtima ndinkapemphera kuti amayi aname. Bodza laling'ono lokha, loti tilibe! Bokosi linali lokiya, ndipo amalume sakanalowa kukafufuza. Koma amayi anamasula mfundo ya pakona ya chitenje chawo, n'kutulutsa kakiyi, n'kundipatsa osandiyang'ana kumaso. Nsaluzo zinkanunkhira kusitolo, mopindidwa mwake muli mizere yowongoka. Ndinazipereka zonse ziwiri.

Kenako anati kolishau, ndiye matilesi amenewo, ndipo pomaliza anati kama. Apa ababa analowa okha ndi sipanala. Ndimakumbukabe kulira kwa mabawuti aja, amene anali atachita dzimbiri, ndi mmene ababa ankapumira mwamphamvu. Anatulutsa thabwa lakumutu, thabwa lakumiyendo ndi mitanda yake, n'kulimanganso pabalaza pamene ndinkagona ine. M'chipinda munatsala mabowo anayi pamene panali miyendo ya bedi, bokosi lopanda kanthu, ndi bulangete. Amalume sanapondemo ngakhale chala. Mwambo anausunga bwinobwino, ndipo ankanyadira zimenezo kwa aliyense wobwera kudzawazonda.

M'mawa mwake kunabuka inanso. Anati mapesi a m'matilesi achotsedwe onse, chifukwa pogona mwamuna ndi mkazi wake m'potentha, chilonda chawo chinganyeke. Nthawi imeneyo sindinamve tanthauzo lake, ndinangoona kuti mapesi amene tinali titangoikamo kumene, ouma bwino, akutenthedwa kuseri kwa nyumba. Amayi, ndi mimba yawo ija, anatsikira kudambo kukapempha ena, ine ndili pambuyo. Opuntha anali atatha kale, otsalawo anali onyowa ndi mame. Tinasenza mitolo, amayi akuima pang'onopang'ono kugwira chiuno, n'kudzaiyanika ndi kuitembenuza mpaka itauma. Amalume anali pampando pakhonde, akutiuza mbali imene sinaume.

Kuyambira pamenepo nyumba yathu inatembenuka. Ababa anasamukira kukhitchini, kukagona pambali pa njinga yawo, ine ndinalowa kuchipinda kukagona ndi amayi pamphasa. Ntchito yoyala bedi inali yanga. Amalume anandiphunzitsa kuyala monga ankayalira azungu a njanji ku Cuamba: lensolo imodzi pansi, yokokedwa mpaka pasaoneke khwinya, ina pamwamba yopindidwa kumutu, mitsamiro yomenyedwa kuti itupe. Ndikalakwitsa ankafwamula zonse ndi ndodo kuti ndiyambirenso. Nsalu zoyera zija zinayamba kuchita mawanga achikasu a mafinya ndi mankhwala ofiirira a kuchipatala. Ndinkazichapa kuchitsime manja atauma ndi kuzizira, ndikulira ndi ukali, amayi ena akundifunsa ngati kwathu kwagwa maliro.

Chimene chinkandipweteka kwambiri chinali kudzuka kwa amayi. Kukacha ankayamba agubuduka n'kugwada, kenako n'kugwira khoma ndi manja onse awiri, n'kumakwera nalo pang'onopang'ono ataluma mlomo. Mphasa ukaitukula pansi pake pamakhala pakuda ndi chinyontho. Anayamba kutsokomola, ndipo mapazi anatupa mpaka patapata anakana kulowa. Akatero ankatuluka n'kukagwada pambali pa bedi lawo lomwe, n'kufunsa kuti, "Mwadzuka bwanji, achimwene? Mwendo uli bwanji?" Amalume ankayankha akudziwongola, malegeni akulira, nati kama ameneyu ngwolimba pang'ono koma n'kupirira.

Ababa anayesako, ndisawanamizire. Tsiku lina anabwera ndi mphanda zinayi ndi nsungwi, kuti azike m'chipinda kabedi ka mitengo koti amayi akwerepo. Ali m'kati mokumba, amalume anamva kulira kwa khasu n'kufunsa chimene chikuchitika. Atauzidwa, nkhope inasintha. "Alamu, mukufuna anthu azinena kuti ndalanda mlongo wanga pogona? Ngati ndakutopetsani nenani, ndinyamuke lero lomwe, za dimbazo mudzakambirana ndi mphepo." Amayi anathamangira m'chipinda n'kuwalanda ababa khasu. Mphanda zija zinathera pamoto, kutenthetsa madzi osamba amalume. Abale inu, munthu kuopa manyazi a pakamwa pa anthu, osaopa mlongo wake akukwawa ndi khoma!

Masiku omwewo kushikola aporofesoro, aphunzitsi athu, anajambula chipinda chogona pabolodi, n'kumaloza chinthu chimodzichimodzi kuti titchule m'Chipwitikizi. Anzanga onse ankagona pamphasa, moti anangoti kakasi. Ine ndinaimirira n'kutchula kama, kolishau, lensolo, alimofada, osapunthwa. Aporofesoro anadabwa, nauza kalasi yonse kuti indiombere m'manja, ati taonani, mwana wa ku Malawi wakuposani eni dziko. M'manjamo munkandilasa ngati minga. Chinthu chimodzi chokha ndinalephera, chofunda chimene anajambula chopindidwa kumiyendo kwa bedi. Dzina lake sindinkalidziwa, chifukwa chinali chisanalandidwe.

Sipanapite nthawi. Kunabwera chiperoni, mphepo ya mwera ikuwomba ndi kamvula kowaza, dzuwa osaoneka. Amalume anali atabwera ndi kagombeza kawo kopyapyala, ndipo m'mawa wina ndikuwapatsa phala anati, "Ndazizidwa zedi, mafupa onse akuwawa. Filomena, kanditengere manta." Sindinafunse kuti manta n'chiyani. M'nyumbamo munali mutatsala chinthu chimodzi chokha. Bulangetelo linali pachingwe kuseri, pansi pa tsindwi la khitchini, pamene amayi analiyanika kuti lichoke chinyontho. Ndinalikwatula n'kuthamanga nalo kwa Abiti Saidi, n'kulikankhira m'nkhokwe mwawo pansi pa chimanga. Nditabwerako ndinati aliba anthu.

Amayi sanakuwe. Anandigwira padzanja n'kupita nane kuseri kwa nyumba, nati kalitenge. Ndinakana. Aka kanali koyamba kuwakanira amayi chibadwire, ndipo nditayamba sindinathe kusiya. Ndinawafunsa kuti iwo afunda chiyani, ndinati achimwene awowo ndi mfiti yodya abale ake masana, ndinati kodi mukufuna mwana uyunso afe ngati uja wa kukampu? Pamenepo mbama inalira. Amayi anali asanandimenyepo kumaso, ndipo sanadzandimenyenso. Mawu awo anali osalala.

"Kalitenge. Ukawapatse ndi manja awiri, utagwada."

Ndinakalitenga, ndinagwada, ndinapereka ndi manja awiri. Amalume anandiuza kuti nditchule dzina lake, ndipo ndinatchula. Kuyambira tsiku limenelo mkwiyo wanga unasamuka, unachoka kwa amalume n'kukhala pa amayi. Amalume anali chilombo, chabwino, chilombo chimadya. Nanga amayi? Ndinkawaona ngati munthu wopanda mtima m'chifuwa, wokonda achimwene ake kuposa ine ndi mwana wa m'mimba, wamantha wongodziwa kugwada. Tinkafunda zitenje ndi matumba opanda kanthu, ndipo ine ndinkagona chowafulatira, ngakhale ndinkadziwa kuti msana wanga ndiwo ukuwafunditsa. Abiti Saidi anabweretsa chikopa cha mbuzi choti tiziyala pansi pa mphasa. Polowa anadutsa pabalaza osapereka moni, ndipo potuluka analavula pabwalo.

Chilonda chinapola, koma mlendo sananyamuke. Amati mlendo ndi mame, koma mame athuwa dzuwa linkawawalira n'kuwasiya ali pompo. Kumsika ankayenda bwinobwino ndodo ili kukhwapa, akafika pamphambano ya kwathu n'kuyamba kutsimphina. Azimayi kuchitsime ankandiseka, ati kodi amalume ako aja anakwatira bedi? Mimba ya amayi inatsika, ndipo Abiti Saidi anati masiku ayandikira. Ine m'mawa uliwonse ndinkayang'ana chikwama cha amalume ngati chamangidwa, ndikuwerengera kuti akangochoka ndichapa nsalu zija ndi phulusa ndi madzi otentha, ndiyanika matilesi, amayi akwera pabedi lawo mwana asanabwere. Zina zonse ndikanawakhululukira, bola zimenezo.

Tsiku linafika. Kunabwera anyamata awiri a kumudzi kwawo ndi njinga, ndipo amalume anavala jekete ndi chipewa. Ine chimwemwe chinandigwira mpaka ndinawapukutira nsapato osatumidwa. Ndinali nditayamba kale kufwamula nsalu pabedi pamene ndinamva akuti, "Alamu, sipanala ija ili pati?" Anafotokoza modekha, ngati akunena za nyengo, kuti adotolo anenetsa kuti asagonenso pansi, chilonda chingayambirenso. Ati bedilo akungobwereka, tikadzapita kukaona dimba tidzabwera nalo. Ababa anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anakatenga sipanala, n'kuiponya pansi pakati pa bwalo, n'kukwera njinga yawo yopanda katundu, osatsanzika. Kulimba mtima kwa ababa kunathera pamenepo.

Amayi ndi amene anatola sipanalayo. Anawerama movutika, dzanja lina lili pabondo, n'kuipereka kwa anyamata aja. Anapinda okha nsalu zoyera, n'kukulunga mitsamiro m'bulangete, n'kuwaonetsa anyamatawo pomanga kuti thabwa la timaluwa lisakhulike ndi unyolo wa njinga. Matilesi anawapinda pakati n'kuwamanga ndi luzi. Ndinaima pakhonde ndikuona katundu yense akugwedezeka panjira ya kudambo, amalume akuyenda pambuyo osatsimphina n'komwe. Amayi anawaperekeza mpaka pamphambano, nati muyende bwino achimwene, mukapereke moni kunyumba. Ine sindinadye tsiku limenelo, ndipo sindinawalankhule amayi mpaka tsiku limene matenda a kubereka anawayamba.

Mwana anabadwira pamphasa, pachikopa cha mbuzi chija, tsiku limene kunacha ndi nkhungu. Ine anandituma kuwiritsa madzi, ndipo ndili kukhitchini ndinkamva amayi akubuula ndi Abiti Saidi akuwalimbitsa m'Chiyao. Zinatenga nthawi mpaka dzuwa linafika pamutu. Mwanayo anali wamwamuna, wamng'ono ngati botolo, ndipo anamukulunga m'chitenje chakale chong'ambika m'mphepete. Anakhala moyo, ndiye Zuze wathuyu. Koma chiuno cha amayi sichinabwererenso. Anakhala nthawi yaitali osaimirira, ndipo atayamba kuyenda mwendo wakumanzere unkakokera pambuyo, mpaka lero. Abiti Saidi pondipatsa khandalo kuti ndilinyamule anandiyang'ana m'maso.

"Mlongo wako uyu. Akadzakula usadzamuonetse pamene umagona."

Mvula itayandikira tinapita kumudzi kukaona dimba, amayi atakwezedwa panjinga. Amalume anatiyendetsa m'malire, n'kutidulira chigawo chakumunsi, chimene chimamira madzi akachuluka, chakumtunda n'kusunga okha. Amayi anatsika panjinga, nagwada m'matope, naomba m'manja kuthokoza. Bedi tinaliona, linali pakhonde la amalume, analitulutsa kuti alithire madzi otentha ophera nsikidzi, ana awo akudumphapo. Palibe anatchula zoti tibwere nalo, iwo kapena ife. Chigawo chakumunsicho tinalima, ndipo chinatidyetsa. Mpunga wake ndi umene unandipititsa kushikola ku Cuamba, ndi umene unamangitsa nyumba ya malata imene amayi akukhalamo. Amalume atamwalira amayi analira mokweza monga alirira mlongo, anthu n'kumati chibale ndi fupa, sichiwola. Ine ndinakhala kumbuyo maso ali gwa.

Lero ndimagulitsa zofunda pamsika wa Insaca. Tsiku lonse pakamwa panga pamatuluka manta, lensolo, alimofada, chifukwa ogula amatero, ndipo ndimawadziwa mayinawo kuposa aliyense pamzere wathu. Koma ndikalowa m'nyumba mwanga ndi bedi, pilo ndi bulangete, ana anga anazolowera. Malonda atayamba kuyenda, chinthu choyamba chachikulu chimene ndinachita chinali kukhometsa bedi la mlombwa kwa mmisiri, n'kuitanitsa matilesi a siponji ku Entre Lagos, pamodzi ndi nsalu zoyera ndi bulangete lolemera la maluwa. Ine ndi Zuze tinakalimanga m'chipinda cha amayi, ababa atamwalira kale. Ndinaliyala ndekha, mopanda khwinya. Amayi analisisita, nathokoza, nati Mulungu akudalitse mwanangu.

Nditapitanso kukawaona mpunga utakololedwa, ndinapeza matumba a mpunga atasanjidwa pabedipo mpaka kufika pazenera. Siponji inali itaimikidwa kukhoma ili m'pepala lake, nsalu zili m'bokosi. Amayi anali pamphasa, pansi, pambali pa bedi. Ndinapsa mtima ngati kamtsikana kaja. Ndinakuwa, ndinawakumbutsa za chiuno chawo, za chisanu chija, za mbama, ndinati kodi inu munabadwira kuvutika? Anthu oyandikana nawo anatuluka kudzaona. Amayi anandisiya mpaka mpweya utandithera, kenako anagwira khoma n'kudzuka mwa kudzuka kwawo kuja.

"Mpunga uwu ndinaugula ndi chiuno changa, ngakhale dimba linali langa kale. Usiye ugone pabwino. Ine pansi pano palibe amene anabwerapo kudzandichotsa."

Ndili mwana ndinkaganiza kuti m'nyumba muja wokwiya ndinali ine ndekha, kuti amayi sankamva kanthu. Panopa ndikuona kuti mkwiyo wanga unali waung'ono. Ine wanga ndinaulankhula kuseri kwa nyumba tsiku limodzi, iwo wawo anaumeza kuti tipeze podyera, ndipo ukadali m'thupi mwawo zaka zonsezi, moti ngakhale bedi la mwana wawo sangalikhulupirire. Amalume sindinawakhululukire, ndipo sindikuganiza kuti amayi anawakhululukira. Tsiku limenelo ndinangowathandiza kusuntha matumba awiri amene ankakhudza khoma, kuti mpunga usachite chinyontho.